Mwana watukwana mnzake kuti "hule", mumpatse chilango chotani?

Pasukulu ina yomwe ndinaphunzitsapo zaka zingapo, mnyamata wa Sitandade 7 anang'ung'udza ali kumbuyo kwa kalasi kuti "aphunzitsi awa ndi achitsiru", mwatsoka mphunzitsiyo anamva, ndiye mwanayo anakumba dzenje la zinyalala masiku atatu, bambo ake anaitanidwa, nkhani mpaka inafika pa asembule. Sabata yomweyo mnyamata wina wa m'kalasi yomweyo anauza mtsikana pa buleki, gulu lonse likumva, kuti "iwe hule, tonse tikumudziwa amene amakugulira mandasi". Mtsikanayo anakanena ku ofesi. Yankho lomwe anapatsidwa linali loti "aaa musiye, ndi chibwana icho, mwina akukufuna". Teremu yotsatira anayamba kujomba, kenako tinangomva kuti wapita kwa azakhali ake. Ine ndinali mu sitafu rumu momwemo tsiku limenelo ndipo sindinanene kanthu, mpaka lero zimandiwawa.

Vuto lathu lalikulu aphunzitsife pa nkhani ya kutukwana lili pamenepa. Timayeza kukula kwa mlandu ndi mkwiyo wathu. Mawu akatilasa ifeyo chilango chimakhala chophera njovu, akalasa mwana wina, makamaka wamkazi, timati ndi zachibwana. Muyezo woyenera ndi woona zomwe mawuwo achita kwa amene watukwanidwayo, komanso kuona ngati wotukwanayo akudziwa chomwe akunena. Zomwe ndikulemba apazi ndi mmene ndinadzaphunzirira kuchitira pambuyo pake, za aphunzitsi anzanga, ahedi, a komiti ya sukulu, a Mother Group (gulu la amayi a m'dera lothandiza atsikana pasukulu) ngakhalenso makolo omwe mwalandira kakalata koti mubwere kusukulu mawa mmamawa.

Pomwe mwamva mawuwo

Musadutse ngati simunamve. Ana amayang'ana nkhope yanu mawu oipa akangotuluka, ndipo mukapitiriza kulemba pa bolodi iwo amamva kuti mwavomereza. Koma musapangenso sewero ayi. Imani, tchulani dzina la mwanayo, munene mwachidule kuti "mawu amenewo m'kalasi muno ayi, ndi onyoza atsikana, undipeze tikatuluka", basi, nkupitiriza masamu anu. Zonsezi sizikuyenera kupitirira theka la mphindi. Mawu oti "ndi onyoza atsikana" kapena "ndi onyoza munthu wolumala" ndi ofunika, chifukwa mukangoti "usamatukwane" ana amatenga kuti vuto ndi phokoso, pomwe vuto ndi amene walasidwa.

Pali chizolowezi china choipa chomwe ambirife tinakula nacho, chomuimika mwana kutsogolo nkumati "tabwereza wanenazo, mokweza, onse amve". Musatero. Akabwereza ndiye kuti mtsikana uja watukwanidwa kachiwiri, tsopano ndi chilolezo chanu, ndipo anyamata akumbuyo aja aseka, wotukwanayo watuluka ali dolo. Chimodzimodzi musamufunse wotukwanidwayo pagulu kuti "wakunena kuti chani?" Mtsikana wa zaka 13 sangatchule mawu okhudza thupi lake pamaso pa anzake 90 ndi mphunzitsi wamwamuna, angokhala chete, inu nkumati palibe mlandu.

Ndipo chilango musagamule pomwepo mtima uli m'mwamba. Dikirani buleki, olo mawa lake. Mlandu suwola.

Kumva mbali zonse, aliyense payekha

Yambani ndi wotukwanidwa, pamalo poti ena sakumva koma poonekera, monga pakhonde kapena mu ofesi chitseko chili chotsekula. Ngati ndi mtsikana ndipo mawuwo ndi okhudza zogonana kapena msambo, pezani mphunzitsi wamkazi, ngati pasukulupo palibe (ndipo masukulu ambiri akumudzi alibedi) itanani mayi mmodzi wa Mother Group. Ngati akuchita manyazi kutchula, mupatseni pepala alembe. Funso lofunika kwambiri ndi loti "kodi ndi koyamba?" Kawirikawiri mupeza kuti tsiku lomwe mwana wakanenali ndi tsiku lomwe watopa, zinayamba kalekale panjira yopita kunyumba, pa mjigo, pamzere wa phala.

Kenako wotukwanayo. Mumve naye ndithu, olo mukhale kuti munamva nokha ndi makutu anu. Malamulo oyendetsera dziko lino, mu gawo 43, amanena kuti munthu amene ofesi ya boma ikumugamulira zinthu zokhudza ufulu wake achitiridwe mwachilungamo ndipo apatsidwe zifukwa zake polemba, ndipo sukulu ya boma ndi ofesi ya boma. Makamaka mukafika poganiza zomubweza kunyumba, mukalumpha sitepe imeneyi mudzaluza nkhani yomwe munali okhoza. Komanso pena mumamva zomwe simunayembekeze, monga kuti anayamba ndi winayo kumunena za mayi ake omwe akudwala. Zimenezo sizifufuta mlandu wake, koma zikutanthauza kuti milandu ilipo iwiri.

Kwa ana ang'ono, a Sitandade 1 mpaka 3, funsani funso limodzi lokha poyamba: "mawu amenewa amatanthauza chani?" Ambiri sadziwa. Anawamva kwa kondakitala pa depoti, kwa amalume ataledzera, ku vidiyo sho, mwinanso kunyumba konkuko usiku bambo ndi mayi akukangana. Mwana wa zaka 7 amene wanena "hule" osadziwa tanthauzo lake ndi wosiyana kutalitali ndi wa Folomu 3 amene wasankha mawuwo mwadala podziwa kuti amuliza mnzake. Wamng'onoyo mumuuze kuti ndi mawu opweteka, sitinena, apepese, muuze kholo mwakachetechete. Zatha. Mukamuzulitsa chitsa ndiye kuti mwamuphunzitsa kuti mawuwo ali ndi mphamvu yodabwitsa, adzawagwiritsanso ntchito. Koma khalani tcheru: ngati mwana wamng'ono akufotokoza zogonana mwatsatanetsatane, zoti msinkhu wake sakuyenera kuzidziwa, mwina pali wina amene akumuchita zoipa, ndipo nkhaniyo yasanduka yoteteza mwana, chilango chiiwaleni kaye.

Kuyeza kulemera kwake

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndiye ndikhalapo pang'ono. Si kutukwana konse komwe kuli kofanana. Mwana amene waphonya penate nkutulutsa mawu otchula za kumaliseche osaloza munthu watukwana inde, koma ndi pakamwa pauve chabe. Amene wauza mnzake kuti "galu iwe" akulimbirana desiki walakwa kuposa woyambayo chifukwa waloza munthu. Koma pali gulu lachitatu, mawu omwe amalasa munthu pa chomwe iye ali, chomwe sangachisinthe: kuti ndi wamkazi, ndi wolumala, ndi wachialubino, ndi wamasiye, amamwa ma ARV, ndi wamtundu wakuti, ndi wachipembedzo chakuti. Amenewa ndi olemera kwambiri chifukwa samathera pa mwana mmodzi. Ukauza mtsikana mmodzi kuti "akazi inu nzeru mulibe, mungodikira kukwatiwa", atsikana onse 40 omwe ali m'kalasimo amva, ndipo ena mwa iwo kunyumba akuuzidwa zomwezo. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kusala munthu pa zifukwa ngati zimenezi, ndiye sukulu ikamaziona mopepuka ndiye kuti ikuphunzitsa zosiyana ndi zomwe zili mu buku la Life Skills lomwe tikuwalembetsa notsi.

Mawu oti "hule" ndiwatchule mwapadera chifukwa ndi omwe amatuluka kwambiri ndipo ndi omwe timawapeputsa kwambiri. Mtsikana akakana mnyamata, hule. Akakhoza masamu kuposa anyamata, hule, akuti aphunzitsi amamukondera. Akayamba kumera mawere msanga, hule. Akabwerera kusukulu atabereka, monga mmene ndondomeko ya boma imalolera kuyambira m'ma 1990, ndiye amamutcha "make mwana" kapena "ntchembere" kalasi yonse nkuseka, pomwe mnyamata amene anapereka mimbayo palibe amamutcha dzina. Mawu amenewa ntchito yake ndi kumubweza mtsikana "pamalo pake", ndipo amagwiradi ntchito: amasiya kukweza dzanja, amasamukira kumbuyo, kenako amajomba. Amene mukukumbukira Januwale 2012, pomwe mavenda ena ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ankavula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi afupiafupi mpaka amayi anachita msonkhano waukulu wotsutsa ku Blantyre, mukudziwa komwe kunyoza akazi kumafikitsa. Ovulawo anali ana a sukulu nthawi ina.

Anyamata nawonso amalasidwa ndi mkondo womwewo, kungoti mbali ina. "Ukulira ngati mkazi", "wamkazi iwe", kumuseka chifukwa mawu ake ndi aang'ono kapena sakonda mpira. Mawu amenewa amanyoza awiri nthawi imodzi, mnyamatayo komanso atsikana onse, chifukwa akunena kuti kukhala mkazi ndi chinthu chochititsa manyazi. Aikeni mu gulu lolemera lomwelo.

Mukadziwa mtundu wa mawuwo, onaninso izi. Ndi koyamba kapena ndi nyimbo ya tsiku ndi tsiku? Ananena ali awiri kapena pagulu, pa asembule, pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi? Ndi mmodzi kwa mmodzi kapena anyamata asanu kuzinga mwana mmodzi? Wotukwanayo ndi wamkulu msinkhu, ndi pulifekiti, ndi mwana wa amfumu kapena wa aphunzitsi? M'mapulaimale mwathu si zachilendo kupeza mnyamata wa zaka 17 ali Sitandade 6 limodzi ndi atsikana a zaka 11, ndipo mawu ochokera kwa iyeyo amaopsa mosiyana ndi ochokera kwa wamsinkhu wawo. Chomaliza, kodi mkati mwake muli chiopsezo, monga "tionana panjira" kapena "ndidzakugwira"? Chilichonse mwa izi chikakhalapo, chilango chikwere sitepe imodzi.

Chilango chake tsopano

Kwa pakamwa pauve chabe, chenjezo likwanira, ndipo akabwereza atsalire pa buleki kapena akaweruka kwa mphindi 15 asese m'kalasi. Palibe chifukwa choitanira kholo kuchoka kumunda nthawi ya dzinja chifukwa cha mawu omwe anatuluka pa mpira.

Kwa amene waloza mnzake ndi mawu wamba onyoza, achenjezedwe, apepese, dzina lilembedwe mu hadikava ya disipulini ndi deti lake. Akabwereza mu teremu yomweyo, kholo lidziwe.

Kwa mawu a gulu lachitatu lija, olo kukhale koyamba, ine ndimachita zinthu zinayi limodzi. Ndimalemba mu buku. Ndimadziwitsa makolo a mbali zonse ziwiri, osati a wolakwa okha. Ndimamuchotsera wolakwayo chinthu chomwe amachikonda kwa nthawi yodziwika, monga kusasewera mu timu ya sukulu magemu awiri, kapena kuvula upulifekiti ngati ali nawo, chifukwa sungamayang'anire anzako uku ukuwatcha mahule. Ndipo ndimamupatsa ntchito yokhudzana ndi cholakwacho, iyi ndiye yofunika kuposa zonse. Wa Sitandade 5 kupita m'mwamba alembe tsamba limodzi mu Chichewa, osati "sindidzatukwananso" ka 200 ayi, izo dzanja limalemba mutu uli ku mpira. Ayankhe mafunso atatu: ndinanena chani, ndinkafuna kuti mnzangayo amve bwanji, ndipo mawu omwewa wina atauza mlongo wanga kapena mayi anga ndingatani. Kenako mukhale naye pansi muwerengere limodzi. Funso la mlongo lija limagwira ntchito kwambiri kwa anyamata athu, koma musathere pomwepo, mumufikitse poti mtsikanayo ndi woyenera ulemu ngakhale atakhala kuti alibe mchimwene womumenyera nkhondo.

Akabwerezanso pambuyo pa zonsezi, kapena ngati ndi gulu lomwe lamusandutsa mwana mmodzi chidole, nkhani ipite ku komiti ya disipulini, makolo abwere pamaso, pakhale kalata yosainirana yonena zomwe zichitike akadzayambiranso, ndipo wolakwayo ndi amene asamutsidwe malo okhala kapena sitirimu. Ndikubwereza, wolakwayo. Nthawi zambiri timasamutsa mtsikana "kuti apeze mtendere", iye ndi amene amasiya anzake ndi desiki yake yakutsogolo, wotukwanayo ali phee pamalo pake.

Kubweza mwana kunyumba kukhale komalizira penipeni, kwa masiku ochepa odziwika, ndipo apite ndi ntchito yoti akalembe. Ndikudziwa ahedi ena amakonda saspenshoni chifukwa imaoneka yamphamvu ndipo siwatayitsa nthawi, koma taganizani: mnyamata amene sukulu samaikonda kale mwamupatsa holide ya masabata awiri, akaswera pa tiredingi senta pomwe anaphunzira mawuwo, mwina osabweranso. Maphunziro ndi ufulu wake nayenso, gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko likutero, ndipo chiyambireni pulaimale yaulere mu 1994 nkhondo yathu yakhala yosunga ana m'kalasi. Kuchotseratu mwana sukulu si chinthu choti ahedi angogamula okha atakwiya, chili ndi njira yake yodutsa ku maofesi a maphunziro, ndiye ku pulaimale yambani mwalankhula ndi a PEA (alangizi a maphunziro a pulaimale) a zoni yanu musanalembe kalata iliyonse yotero.

Zilango zomwe zimaononga

Chikwapu ndiyambe nacho chifukwa ndikudziwa ena mwawerenga mpaka apa mukuti "zonsezi nzotaya nthawi, zikoti zitatu basi watha". Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ulemu wa munthu ndipo limaletsa chilango chankhanza kapena chonyazitsa, unduna wa maphunziro nawonso sulola kumenya ana m'sukulu, ndiye mukamenya mwadziika nokha pa mlandu. Koma olo tisiye za malamulo, taonani zomwe chikwapu chimaphunzitsa pa nkhani iyi makamaka. Mwana wanyoza mnzake chifukwa akuona kuti ali ndi mphamvu kuposa iye. Inu mwabwera ndi mphamvu zoposa zake nkumupweteka. Phunziro lomwe watenga ndi loti wamphamvu amachita zomwe akufuna, lomwe ndi phunziro lomwe anali nalo kale. Ndipo akatuluka pa geti amakamudikira mtsikana uja, "wandimenyetsa iwe". Kugwaditsa pa dzuwa, kunyamulitsa njerwa manja ali m'mwamba, kudumphitsa ngati chule, zonsezo ndi chikwapu chomwecho chavala malaya ena.

Chachiwiri ndi chomwe chimaoneka chanzeru koma ndi choipa kwambiri: kumuveka mnyamata chitenje kapena diresi, kumukhazika pakati pa atsikana kuti "aone mmene zimakhalira", kapena kumuuza kuti "poti wanyoza akazi ugwire ntchito za akazi, kakolope". Mukatero mwagwirizana naye kuti ukazi ndi chilango. Ngati kukolopa ndi chilango pasukulu panu, chikhale cha wina aliyense pa mlandu wina uliwonse, osachimata dzina la akazi.

Ntchito zamanja pazokha si zoipa, kutchetcha, kusesa, kuthirira mitengo, bola zikhale zamsinkhu wake, zisapitirire ola limodzi, ndipo zichitike akaweruka osati nthawi ya kalasi. Mwana amene akukumba dzenje anzake akuphunzira Sayansi walangidwa kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo mudzauona pa zotsatira za MANEB. Zoti akalime m'munda mwa aphunzitsi kapena akatungire madzi kunyumba kwa ahedi, izo si chilango, ndi ganyu yaulere, tonse tikudziwa.

Musalange kalasi yonse chifukwa wolakwa sakudziwika kapena chifukwa "onse anaseka". Wotukwanidwayo ali m'kalasi momwemo, ndiye atchetcha nawo udzu chifukwa chotukwanidwa, ndipo anzake onse amuda kuti ndi amene wawapalira. Za kuseka zija zikambeni ndi kalasi tsiku lina, popanda kutchula dzina la munthu.

Palinso nkhani ya mtsikana amene wabwezera. Mnyamata wamutcha hule kwa mwezi wathunthu, lero mtsikanayo watopa wamutukwana naye kapena wamuwaza mbama, ndiye aphunzitsi afika nkuti "nonse awiri mwalakwa, nonse kakumbeni". Ayi. Mbamayo ili ndi mlandu wake, muuzeni ndithu kuti kumenya sikololedwa ndipo alandire kachilango kake, koma musafananize mwezi wathunthu wa chipongwe ndi mphindi imodzi ya kutopa. Mukafananiza, atsikana ena onse aphunzira kuti kukanena kapena kudziteteza nkopanda phindu, bola kungopirira.

Kupepesa

Timakonda kuwaimika awiriwo, "gwiranani chanza, nenani pepani, mwakhululukirana eti? pitani". Zatha mphindi imodzi, aphunzitsi mtima pansi. Koma wolakwiridwayo simunamufunse ngati akufuna. Mufunseni kaye payekha: ukufuna apepese pamaso pako, akulembere kalata, kapena angokusiya osakuyankhulanso? Ena amasankha chachitatucho ndipo ndi ufulu wawo. Kupepesa kwenikweni kutchule cholakwa: "ndinakunena mawu onyoza pamaso pa anthu, si zoona, ndinalakwa". Za "pepani ngati ndakulakwira" kapena "ndimangocheza" zibwezeni, ayambirenso. Ngati anatukwana pagulu ndipo wolakwiridwayo wavomera, apepese pamaso pa gulu lomwelo, koma osabwereza mawu aja. Ndipo musamukakamize winayo kunena kuti ndakhululuka, kukhululuka kumabwera nthawi yake.

Makolo akabwera

Konzekani, chifukwa ena amafika atakwiya kale. "Mwandiitanitsa kuchoka ku ntchito chifukwa cha mawu basi? Wamenya munthu?" Musayambe ndi kuwauza kuti mwana wawo ndi wopanda khalidwe, apo ndiye mwatseka makutu. Apatseni mpando, alonjereni bwinobwino, yambani ndi chabwino chimodzi chomwe mwanayo amachita, kenako muwaonetse zomwe zalembedwa mu buku, deti, mawu ake enieni, ndi zomwe zachitika kwa mwana winayo, kuti wajomba masiku atatu. Makolo ambiri akamva mawu enieniwo amagwa nkhope. Ena amalumphira mbali ina, "musiyeni ndikamuonetsa kunyumba", apo muwapemphe kuti asakamumenye, chilango chaperekedwa kale kusukulu, chomwe mukufuna kwa iwo ndi kukhala naye pansi komanso kusamala zomwe zimayankhulidwa pakhomo. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma pa nkhani iyi kawirikawiri nkhuyuzo anayamba kudya ndi akuluwo, mwana anangotola zotsala. Izi musawauze chonchi pamaso, muzinene mozungulira, amva okha.

Makolo a wolakwiridwa auzeni zomwe mwachita, mwatsatanetsatane. Akangomva kwa mwana wawo kuti "palibe chomwe achita", mawa lake abwera ndi achibale kudzathana ndi mnyamatayo okha, kapena angomuletsa mwana sukulu.

Pomwe nkhani yaposa sukulu

Pali malire omwe mukawadutsa si nkhani ya hadikava ya disipulini yokha. Ngati mawu aphatikizana ndi kugwira thupi, kukweza siketi, kumutsekereza panjira, kumuopseza kuti amugwiririra, kapena kufalitsa zithunzi ndi mauthenga onyaza pa WhatsApp ndi Facebook, dziwitsani ahedi tsiku lomwelo, makolo, ndi wa zoteteza ana wa m'dera lanu kapena a Victim Support Unit ku polisi. Nambala ya 116 ndi yaulere, mwana kapena mphunzitsi atha kuimba kupempha uphungu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo limawerengera ndi mawu omwe, osati kugwira kokha. Penal Code nayo ili ndi mlandu wonyoza ulemu wa munthu wamkazi ndi mawu kapena zizindikiro, ndipo za pa foni zili ndi lamulo lake la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Sindikunena kuti mwana aliyense wotukwana apite ku polisi ayi, ndipo ana olakwira malamulo ali ndi njira yawoyawo pansi pa Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 yomwe cholinga chake ndi kukonza osati kungotsekera. Koma a Folomu 3 ndi 4 ndi bwino adziwe kuti zomwe akuzitcha kucheza, kunja kwa geti zili ndi dzina lina, ndipo ena mwa iwo zaka 18 anakwanitsa kale.

Mwana wachialubino akamatchedwa "ndalama" kapena "makobiri", musaziike mu gulu la mayina achipongwe wamba. Chiyambireni 2014 dziko lino laona anthu achialubino akubedwa ndi kuphedwa chifukwa cha bodza loti ziwalo zawo zimalemeretsa, ndiye kwa mwana ameneyo mawuwo ndi chiopsezo cha moyo. Kholo la wonenayo libwere ulendo woyamba womwewo, mufunse komwe anawamva, ndipo muonetsetse kuti mwanayo sakuyenda yekha popita kunyumba.

Ifeyo aphunzitsi

Ndikanama ndikapanda kunena izi. Mawu ambiri omwe timalangira ana, ena anawamva kwa ife. "Mbuli iwe." "Mutu ngati dzungu." "Iwe sukulu yakukanika, ungokwatiwa basi." "Taonani mawere agwa kale koma two thausande kuchotsa faifi handiredi sakudziwa." Ndinamvapo zonsezi zikutuluka mkamwa mwa anthu a satifiketi, kalasi nkuseka, ndipo ena mwa mawu amenewa ndinanenapo ndine ndili wachinyamata pa ntchito. Lamulo lomwe mukhazikitse la ana likhudzenso sitafu, ndipo ahedi akhale ndi mtima womuitana mphunzitsi mnzawo mu ofesi. Ana amaona msanga ngati lamulo ndi la iwo okha. Ngati mphunzitsi akunena mawu okhudza thupi la mtsikana kapena kumufunsira, imeneyo si nkhani yokambirana mu sitafu rumu nkuthera pomwepo, ipite kwa a PEA ndi ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu polemba.

Chomwe chimathandiza kuti zonsezi zisamaoneke ngati kukondera ndi kugwirizana kumayambiriro kwa chaka. Sabata yoyamba ya teremu yoyamba khalani pansi aphunzitsi, a komiti, a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), a Mother Group ndi ana ena oimira anzawo, mulembe pa tchati chimodzi magulu a mawu aja ndi chilango cha gulu lililonse, mu Chichewa kapena chiyankhulo cha m'deralo, mumate m'kalasi iliyonse. Ana akatenga nawo mbali amatchula mawu omwe inu simukuwadziwa nkomwe, chifukwa chipongwe chimasintha chaka ndi chaka ndipo china chimabisala m'mawu ooneka abwinobwino. Tsiku lomwe mwana wa apampando a komiti adzatukwane, tchaticho ndi chomwe chidzakupulumutseni.

Pakatha masabata awiri chilango chitaperekedwa, muitaneninso wotukwanidwa uja pambali, mumufunse ngati zasiya, makamaka panjira ndi pa foni pomwe inu simuona. Onani rejisitala ngati akubwera masiku onse, onani ngati akadali pa desiki yake ndipo akukwezabe dzanja. Wolakwa uja nayenso, ngati wasintha, muuzeni kuti mwaona, mumubwezere mu timu tsiku lomwe munalonjeza osawonjezera olo limodzi, ndipo mu hadikava muja mulembe pansi pa dzina lake kuti nkhani yatsekedwa, ndi deti lake.